Lachinayi, pa Luchenza: Hilux ya madala a ku Thekerani

Chiperoni chayamba dzulo ndipo mpaka pano sichinakate. Tiyi wazizira m'kapu, magetsi athima kachiwiri, koma nkhani ya masana ija ikundizungulirabe m'mutu, ndiye bola ndiilembe.

Pa galaja ina pa Luchenza panafika bambo wachikulire wa ku Thekerani ndi Hilux ya single cab ya 2008, ija ya injini ya 2.5 D-4D. Mita ikuwerenga makilomita 340,000 ndi kanthu. Popita ku Limbe imanyamula nandolo ndi chinangwa, pobwera feteleza ndi simenti. Funso lawo linali lalifupi: "Achimwene, galimotoyi ndiisungebe kapena ndiigulitse?" Ndisanatsegule pakamwa, mnyamata wina mwa madobadoba aja ogulitsa magalimoto a eni ake pa foni analumphira: "Madala, pikapu ikakwana zaka khumi kapena 300,000, yatha basi. Gulitsani changu, kasitomala ndili naye."

Chomwe chandipsetsa mtima si kuti mnyamatayo amasaka yake ya ndiwo, aliyense amasaka. Koma nambala imeneyo anaitola kuti? Galimoto anangoiona kumaso. Sanagwade, sanatsegule boneti, sanafunse kuti imayenda misewu iti. Pikapu ziwiri za chaka chimodzi, mita yofanana, ina yoyenda pa tala kuchoka ku Limbe kupita ku Muloza itanyamula makatoni, ina yokwera zitunda za ku Thekerani m'matope ofiira itasenza matumba 35, si galimoto imodzi ayi. Ina ikadali ndi zaka zambiri kutsogolo, inayo mwina ikuyembekeza bampu limodzi lokha.

Ndinawauza madala kuti tiyambire pansi, chifukwa injini, giyabokosi ndi diff (magiya a pakati pa ekiselo yakumbuyo) zimagulidwa n'kumangidwa, pomwe chasisi chikawola ndiye galimoto yatha. Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje mvula ndi yambiri, ndipo dothi lathu lofiirali limalowa m'kati mwa chitsulo cha chasisi kudzera m'timabowo, n'kukhala mmenemo lonyowa miyezi. Dzimbiri limadya kuchokera m'kati, kunja penti ikuoneka bwinobwino. Onjezerani feteleza wotayikira m'bodi, amene akakumana ndi chinyontho amadya chitsulo mofulumira kuposa matope. Choncho choyamba galimoto itsukidwe pansi ndi madzi amphamvu, paipi ilowe m'timabowo mpaka madzi atuluke oyera. Ikauma, tengani kahamala n'kumagogoda chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, mbali zonse ziwiri. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee. Chowola chimangoti phu, nthawi zina n'kugwetsa makoko a dzimbiri. Malo oyenera kudekhapo ndi pomwe masipuling'i akumbuyo amangiriridwa, pakati pa kabini ndi bodi, chitsulo chopingasa chimene chili pamwamba pa tayala la sipeya, ndi kuseri kwa thanki ya mafuta. Pamene sikuludiraiva ikulowa mukakankha ndi dzanja, pamenepo palibenso chitsulo.

Kenako imani chapatali, pamalo osalala, muyang'ane mpata wa pakati pa kabini ndi bodi. Uyenera kukhala wofanana pamwamba ndi pansi, kumanja ndi kumanzere. Ukapanikizika kapena kukanuka mbali imodzi, chasisi chinapindika. Tepi ya mmisiri imathandizanso: yezani kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mawilo atawongoka, mbali zonse. Zikasiyana kwambiri, galimoto imayenda ngati nkhanu ndipo imatha matayala mbali imodzi ngakhale muipititse ku alayimenti kangati.

Apa madala anaseka n'kunena kuti anawonjezera masamba awiri a sipuling'i mbali iliyonse, ndiye galimoto siimva katundu. Ndi pomwe mtima wanga unatsikira. Pikapu yotere inapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, kuphatikiza anthu amene akwera. Tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Kuwonjezera masamba kumangochititsa kuti kumbuyo kusagwade, koma mabering'i a ekiselo, mabuleki ndi chasisi zimakhala zomwe zija. Choipa kwambiri, sipuling'i youma siyamwanso mabampu, nkhonya yonse imapita m'chasisi, ndipo mng'alu umayambira pomwe sipuling'iyo yamangiriridwa. Mng'alu umodzi pa chitsulo chomwe chikadali chokhuthala umakonzeka: amaboola kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, amawotcherera, kenako amaphimba ndi chigamba cha chitsulo chosongoka kumapeto. Kungodutsitsa mzere umodzi wa welding kuchokera pamwamba kutsika pansi n'kudzinamiza, umadzang'ambikanso pambali pake. Batire ichotsedwe asanayambe kuwotcherera, kuopa kupsereza kompyuta ya galimoto, ndipo wowotchererayo asakhudze pomwe padindidwa nambala ya chasisi, chifukwa ikasiyana ndi ya mu blue book mudzavutika ku Road Traffic.

Mvula inakula, tinathawira pansi pa malata. Mnyamata uja anali pa foni, akujambula galimoto.

Za injini ndinafotokoza mothamanga, ndipo ndikudandaula kuti sindinatsindike. Injini imayesedwa m'mawa, itagona usiku wonse. Yabwino imalira kamodzi, kautsi pang'ono n'kuyera. Utsi wa buluu ndi oyilo akupsa, wakuda nthawi zambiri ndi air filter yotsekeka kapena ma injector (timipopi topopera dizilo m'masilinda) otopa, woyera wosatha injini itatentha kale ndi madzi akulowa kapena dizilo wosapsa bwino. Ikulira choncho, masulani chitsekerero cha oyilo n'kungochikhazika pa bowo lake. Chikamavina pang'ono palibe vuto. Chikamakankhidwa n'kugwa, mpweya ukudutsa m'maring'i. Oyilo muyeze moona mtima: dzazani mpaka pa mzere wapamwamba, yendani makilomita 1,000, muone zomwe mwawonjezera. Ikamamwa lita yathunthu pa mtunda umenewo popanda podontha, ovaholo yayandikira. Tsegulaninso ledieta injini ili yozizira, muilize, muone ngati thovu likukwera mosalekeza. Likamakwera, gasket kapena cylinder head yayamba kupereka. Compression, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya, iyezedwe m'masilinda onse anayi, ndipo choyang'ana kwambiri n'chakuti manambala ayandikane. Imodzi ikatsalira patali, vuto lili mmenemo.

Ndinafunsa za timing belt, lamba woyendetsa mavalavu mogwirizana ndi mapisitoni. Pa injini imeneyi lamba amasinthidwa pa makilomita 150,000 aliwonse, ndipo kanyali ka T-BELT kamayaka kukumbutsa. Pa 340,000 ayenera kuti anasintha kawiri. Madala anati kanyali kanayaka chaka chatha, anyamata ena anakazimitsa. Kuzimitsa kanyali n'kophweka, sikusintha lamba. Lambayo akaduka muli pa liwiro, mavalavu amagundana ndi mapisitoni, ndipo ndalama ya lamba ndi timawilo take (tensioner ndi idler) yomwe munaumira imasanduka ya injini yonse. Chinanso cha injini za D-4D ndi timawashala ta pansi pa ma injector. Tikayamba kudutsitsa mpweya, mwaye umalowa mu oyilo, n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo pansi mu sampu. Injini imafa ndi ludzu oyilo ali wodzaza. Galimoto ikadutsa 300,000, kumasula sampu n'kuyang'ana sefayo ndi ntchito ya tsiku limodzi yopulumutsa zambiri. Ndipo dizilo wa m'zigubu amene anthu amathira mafuta akasowa ndi mdani wa ma injector amenewa: timadzi pang'ono kapena fumbi, mkati mwake mwakandika. Kanyali ka madzi ka pa fuel filter kakayaka, imani mukhetse, musadikire kukafika kunyumba.

Zonsezi, ngakhale zitapezeka, sizikutanthauza kuti galimoto yatha. Ndi ndalama yoti muwerengere basi.

Chimene chimawopseza eni magalimoto ambiri ndi zinthu zotha zokha: kilatchi, ma ball joint, ma tie rod, mabushi, mashoko, mabering'i a mawilo, mitanda ya propshaft. Zimakonda kutha motsatizana, mwezi uno ichi, mwezi wamawa icho, munthu n'kuyamba kunena kuti galimoto yalodzedwa. Amalipira zonse, kenako mokwiya n'kugulitsa, wogulayo n'kudya zaka zitatu osagwira sipanala. Ndimaona zimenezi mobwerezabwereza ndipo zimandiwawa nthawi zonse.

Ndinafunsa madala ngati ali ndi kabuku ka galimoto. Anagogoda pamphumi: "Zonse zili muno, achimwene." M'mutu mumasungika ndalama yaikulu imodzi ija inakupwetekani, zing'onozing'ono zimasowa, ndipo masiku amene galimoto inagona pa galaja sawerengedwa n'komwe. Masamu ake ndi awa. Lembani zonse zokonzetsa za miyezi 12, koma chotsani mafuta, matayala, oyilo ndi mafyuluta, chifukwa galimoto ina iliyonse idzafunanso zimenezo. Werengani masiku amene inalephera kugwira ntchito, muchulukitse ndi phindu la tsiku limodzi, kapena ndi ndalama imene munalipira pochita hayala ya wina. Masiku a nyengo ya nandolo ndi ya feteleza ndi olemera kuposa a mu February, musawayese ofanana. Phatikizani. Mbali inayo lembani zomwe galimoto yolowa m'malo ingakudyereni pa chaka: ngongole ndi chiwongoladzanja chake, inshuwalansi yokwera, kusintha umwini, ndi sevisi yaikulu yoyambira, popeza lamba, oyilo yense ndi mabuleki a galimoto yogula kwa wina sumazikhulupirira. Mbali yoyamba ikaposa yachiwiri zaka ziwiri zotsatizana, yambani kusakasaka.

Ineyo maganizo anga ndi akuti pikapu itulutsidwe chasisi chikawola malo angapo kapena chikapindika. Injini ndi giyabokosi zikafuna kugwetsedwa chaka chimodzi ndipo mtengo wake ukupitirira theka la mtengo wa galimoto. Kapena masipeya ake akafika poti ku Limbe sapezeka, mpaka kudikira masabata kuchokera ku Johannesburg. Popanda zimenezo, pa nthawi ino, isungeni. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Galimoto yoitanitsa kunja mtengo wake ndi wa madola, idutse pa Dar es Salaam, ilowere pa Songwe, a MRA atengepo msonkho umene umakwera galimoto ikakhala yakale kapena ya injini yaikulu. Wogulitsa lero n'kusunga makwacha kuti adzagule pakapita miyezi itatu, angadzapeze ndalamazo zikungokwana theka la galimoto. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Musatulutse yomwe muli nayo musanaone, kuyesa ndi kugwirizana mtengo wa inayo.

Komanso "yatsopano" imene ambiri tingakwanitse ndi yakale ya munthu wina. Mita amabweza. Yang'anani chiwongolero, mapedulo ndi mpando wa dalaivala ngati zikugwirizana ndi nambala. Ndipo chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023, kuno kumwera kuli magalimoto amene anamira kapena kuwoloka madzi akuya: kwezani kapeti muone ngati pansi pali dothi losalala, masulani mapulagi a mawaya muone ngati abiriwira, tsegulani diff muone ngati oyilo akuoneka ngati tiyi wamkaka. Ma Hilux a kuyambira cha m'ma 2016 ali ndi tcheni m'malo mwa lamba, zoona, koma mawaya ndi masensa achuluka, ndipo ena ochokera kunja amabwera ndi DPF, sefa ya mwaye ya mu ekizozi, imene imatsekeka pa maulendo afupiafupi a m'midzi. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango sangaikonze popanda makina.

Ngati kugulitsa kwafikadi, nthawi yake ndi pamene galimoto ikulira kamodzi, COF (chiphaso choti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) ikadali ndi miyezi, m'chilimwe anthu atagulitsa mbewu. Yokokedwa ndi chingwe wogula ndiye amatchula mtengo.

Sitinalowe pansi lero. Dzenje la pa galaja linadzaza madzi, ndipo matope anamatirira chasisi chonse moti kahamala kakanangonama. Zomwe ndinaona ndi maso ndi pansi pa bodi pamene feteleza anadya mpaka kuonekera kuwala, zimene zimakonzeka, ndi mpata wa kuseri kwa kabini umene kumanzere unkaoneka wopanikizika pang'ono. Mwina ndi mmene inaimira pa chitunda paja. Mwina ayi. Ndicho chikundisowetsa tulo, chifukwa ndinalankhula nthawi yaitali ngati ndikuiteteza galimoto, ndipo mwina mnyamata uja, amene sanagwade n'komwe, adzapezeka kuti analondola mwangozi.

Madala anati aitsukitsa mawa, abwera nayo Loweruka m'mawa. Ndinawapempha kuti afufuze malisiti alionse amene mayi akunyumba angakhale atasunga, komanso kuti mpaka lamba uja atasinthidwa asaithamangitse. Anavomera ndi mutu. Potuluka ndinawaona ataima pa geti, ambulera imodzi ndi mnyamata uja, akumuwerengera nambala yawo ya foni.