Sabata imene ndinaletsa anthu kufolera tchalitchi chawo

Ndikulemba izi Loweruka m'mawa ndili ku Uzhhorod, mkwiyo wa Lachitatu usanandichoke mumtima. Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikugwira ntchito yoyendera, kuyeza ndi kulemba za nyumba zakale m'chigawo cha Zakarpattia, kumadzulo kwenikweni kwa dziko la Ukraine, ndipo masabata ambiri amatha popanda kanthu koyenera kufotokozera anzanga a ntchito ngati imeneyi. Sabata ino ndinaimitsa anthu amene ankatchinjiriza tchalitchi chawo ku mvula. Ndinatero motsata lamulo, ndipo mpaka lero ndikukhulupirira kuti sindinalakwe, koma ndinalibe chilichonse chowapatsa m'malo mwa malata amene ndinawaletsa kukhoma.

Lolemba tinali ku Uzhok, m'mapiri a pafupi ndi malire a Poland, pa tchalitchi cha Mikayeli Mngelo Wamkulu chimene chinamangidwa mu 1745. Ndi chimodzi mwa matchalitchi 16 a mitengo a m'mapiri a Carpathian amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wake mu 2013, asanu ndi atatu ku Poland ndi asanu ndi atatu ku Ukraine, ndipo m'chigawo chathu muli awiri okha, ichi ndi cha ku Yasinia. Tinachita za nthawi zonse, kuyendera, kuyeza ndi kulemba, ndipo tinabwerako dzuwa lisanalowe. Lachiwiri ndinaswera m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya m'tauni ina yaing'ono, kujambula ndi kulowetsa mu kompyuta malaya opetedwa, mbiya, zida zaulimi ndi mabuku akale a mapemphero. Chipsereni nyumba ngati imeneyi ku Ivankiv mu Febuluwale 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itakula, mmene munali zojambula za mmisiri wotchuka wa dziko lino Maria Prymachenko, aliyense akufuna kuti kaundula wa katundu akhale pa kompyuta, ndipo nzoyenera. Koma nyumba imene ndinaliyo ili ndi wantchito mmodzi, mayi amene ndiye wolondera katundu, wosesa ndi wolandira alendo, ndipo magetsi atazima masana tinapitiriza ndi cholembera, titavala majasi m'chipinda chozizira.

Lachitatu ndinapita kudera la Khust. Amene munaonako zithunzi za matchalitchi a ku Danylovo, Krainykovo, Oleksandrivka ndi Sokyrnytsia mukudziwa mamangidwe a kumeneko: makoma a mitengo ikuluikulu ya thundu yosanjikiza mopingasa ndi kulumikiza m'ngodya, denga lotsetsereka kwambiri lofoleredwa ndi timatabwa tong'amba timene kuno amati gont, ndi nsanja yaitali yosongoka yokhala ndi tinsanja tinayi m'mbali mwake. Cha ku Danylovo ndi cha 1779. Panalinso china chotere ku Steblivka, koma chinapsa mu 1994. Tchalitchi chimene ndikunena pano si chimodzi mwa zotchukazi, ndipo dzina la mudzi wake sinditchula, chifukwa anthu ake sanandilakwire. Ndi cha m'zaka za m'ma 1700, chili pa kaphiri pakati pa manda, ndipo monga zilili m'midzi yambiri kuno, mpingo unamanga tchalitchi chatsopano cha njerwa kumunsi, kotero kuti chakalechi chimatsegulidwa pa tsiku la woyera mtima wake ndi pa maliro a okalamba amene anapempha kutero.

Ndinakwera pa denga limeneli mu Epulo. Ndinalemba kuti timatabwa ta mbali ya kumpoto, pamene nsanja imakumana ndi denga, tinali titawola ndipo sitingafike nyengo ina yozizira, ndipo ndinapempha kuti paperekedwe chilolezo chofolera mongoyembekezera pamene ndalama za ntchito yeniyeni zikufunidwa. Ndinalembanso mu Julayi, ndinakumbutsanso mu Seputembala. Choncho pamene ndinatsika m'galimoto Lachitatu ndi kumva kulira kwa nyundo pa chitsulo kuchokera pa kaphiri paja, ndinadziwa chimene chikuchitika ndisanachione.

Pa denga panali anthu awiri, bambo wa imvi ndi mnyamata amene sanafike zaka za usilikali, ndipo anali atakhoma kale malata pa gawo lalikulu la mbali ya kumpoto, pamwamba pa timatabwa towola tomwe tija osatichotsa. Malatawo anagulidwa ndi ndalama zimene ana a m'mudzimo ogwira ntchito ku Czechia anasonkha. Mayi wachikulire wosunga kiyi anandilowetsa m'kati asananene kanthu. Pansi panali ndowa zisanu, mabeseni awiri ndi poto wamkulu wa kukhitchini kwawo, ndipo anandiuza kuti chiyambireni mvula ya Okutobala amakwera kaphiriko kawiri pa tsiku kukataya madzi. Fungo la m'katimo linali la mtengo wonyowa umene wayamba kudyedwa ndi bowa. Kachipangizo koyezera chinyezi kanapyola 30 peresenti pa mtengo wapamwamba wa khoma, pamene kupitirira 20 peresenti kuwola kumayamba, ndipo nsonga ya mpeni wanga inalowa mumtengomo popanda kukankha.

Chimene ndinasweka nacho mtima ndi khoma la kumadzulo. Ojambula a nthawi imeneyo ankamata timizere ta nsalu pa mipata ya pakati pa mitengo, kenaka ankapaka choko chosakaniza ndi guluu, ndi kujambula pamwamba pake. Madzi akalowa, guluu amasungunuka, nsalu imamatuka ndipo imagwa pamodzi ndi utoto wake. Mu Epulo pa khomalo panali chithunzi cha Chiweruzo Chomaliza, chothimbirira koma chathunthu, ndipo ndili nazo zithunzi zake. Lachitatu ndinapeza nsalu zitatu zikulendewera, ndipo pamene panali nkhope za anthu oima kudzanja lamanja panali mtengo wopanda kanthu, kukula kwake ngati chitseko cha kabati. Mayi aja anapita kuseri kwa ikonostasi, khoma la zithunzi zopatulika lotchinga guwa, ndi kubwerako ndi botolo la jamu. M'botolomo munali tizidutswa ta utoto timene ankatola pansi tsiku ndi tsiku, tofiira, toyera ndi tobiriwira, poganiza kuti tsiku lina kudzabwera munthu wodziwa kutibwezera pamalo pake.

Ndiyenera kunena pano kuti anthu amenewa ndimawamvetsa kuposa mmene anzanga ena a kuno amawamvetsera. Kwathu kumene ndinakulira, munthu akachotsa udzu ndi kufolera malata timati watukuka, ndipo palibe amene angamudzudzule. Koma pa nyumba ngati iyi malata ndi matenda obisika. Timatabwa tong'amba timanyowa ndi kuuma, mpweya umadutsa, ndipo pakapita zaka 20 kapena 30 timasinthidwa, monga mmene makolo a mudziwo ankachitira. Chitsulo chimatsekera chinyezi m'kati, usiku chimachita thukuta kunsi kwake, ndipo mitengo imapitiriza kuwola pamalo pamene diso silifika, mpaka tsiku limene phaso lidzathyoke. Kwathu mdani wa mtengo ndi chiswe, pamene kuno ndi madzi osowa potulukira. Matchalitchi ambiri a m'mapiri ano anataya maonekedwe awo mwa njira imeneyi, kunja malata, m'kati mapulasitiki, zonsezo zochitidwa ndi anthu okonda tchalitchi chawo. Lamulo la dziko lino la mu 2000 loteteza chuma cha chikhalidwe limaletsa kugwira ntchito pa nyumba yolembedwa m'kaundula popanda chilolezo, ndipo chifukwa chake ndi chimenechi.

Ndinatuluka panja ndi kupempha bambo aja kuti atsike. Kenaka ndinatembenukira kwa mayi aja ndi kunena kuti, "Pani (ndiko kuti Mayi), mundikhululukire, koma sindingalole kuti ntchitoyi ipitirire." Anandiyang'ana kwa kanthawi, ndipo anayankha mosakweza mawu kuti, "Mwana wanga, unabwera mu Epulo, unakwera pamwambapa ndi kujambula. Takudikira mpaka masamba agwa. Tsopano utiuze chimene tifolere." Ndinawafotokozera za thukuta la chitsulo ndi za kuwola kwa mapaso, ndipo bambo aja, amene ntchito ya matabwa amaidziwa, anavomereza kuti ndi zoona. Anandiuzanso kuti mmisiri amene ankang'amba timatabwa m'chigwacho ali ku nkhondo, ndi kuti wina amene watsala manja ake sagwiranso nkhwangwa. Ndinaimbira wansembe, amene amatumikira midzi itatu, ndipo nditati, "Otche (ndiko kuti Bambo), ndikupempha kuti muwauze aime," anavomera, koma anandifunsa tsiku limene ndidzabwere ndi yankho. Ndinalibe tsiku lowauza. Ndinakhala pa benchi la m'khonde ndi kulemba chikalata chosonyeza kuti lamulo laphwanyidwa, ndipo mayi aja anasaina pansi pake monga mboni, ndi dzanja lomwelo limene lakhala likutaya madzi a m'ndowa.

Lachinayi ndinalowa mu ofesi ya akuluakulu athu ndi zithunzi ziwiri za khoma lija, cha Epulo ndi cha dzulo lake. Funso loyamba limene ndinafunsidwa linali lakuti kodi chikalata cha kuphwanya lamulo ndachilemba, ndipo lachiwiri linali lakuti kodi chizindikiro cha chishango chabuluu chilipo pa khoma ndipo ndachijambula. Chizindikiro chimenecho, chosonyeza nyumba yoyenera kutetezedwa pa nthawi ya nkhondo ndi chochokera m'pangano la ku Hague la 1954, ndimachilemekeza, ndipo ndikudziwa chifukwa chake chikufunika m'dziko limene tchalitchi cha mitengo cha 1862 cha ku Viazivka chinaphwasulidwa mu Malichi 2022. Koma ine ndinabwera kudzafunsa za kalata yanga ya mu Epulo. Anaifufuza ndipo inapezeka mu fayilo yake, isanatuluke m'chipindamo, chifukwa fomu imene ndinalembapo inasinthidwa mu Meyi, ndipo palibe amene anaona kuti nkofunika kundiuza, ngakhale nditakumbutsa kawiri. Zakuti ndalama za chikhalidwe zachepa chifukwa cha nkhondo ndimazidziwa, ndipo sindingaimirire pamaso pa mayi amene mwana wake ali kumalo omenyanirana ndi kunena kuti denga ndi lofunika kuposa moyo. Chimene ndinapempha mu Epulo sichinali ndalama. Chinali siginecha imodzi yolola kuti tiphimbe malo odontha ndi lona, ntchito ya tsiku limodzi ya anthu atatu.

Mkulu wina ananena kuti mwina njira yabwino ndi kuganizira zodzasamutsira tchalitchicho ku malo oonetsera nyumba zakale, monga mmene cha ku Shelestovo cha 1777 chinafikira kuno ku Uzhhorod. Ndinayankha kuti kusamutsa kumafuna ndalama zochuluka kuposa kufolera, kuti khoma lonyowa lokhala ndi utoto womatuka silingapirire kuphwasulidwa, ndi kuti kusamuka pakokha sikuteteza kanthu, popeza tchalitchi cha ku Medvedivtsi chimene chinatengedwa kupita ku Prague mu 1929 chinapsa komweko mu Okutobala 2020. Ndinanenanso, mwina mokweza mawu kuposa mmene ndimayenera kuchitira mu ofesi, kuti ngati pali amene ayenera kulembedwa m'chikalata cha kuphwanya lamulo, si anthu a m'mudzi uja okha. Madzulo a tsiku lomwelo kalata yolola chophimba chongoyembekezera inasainidwa, patatha miyezi isanu ndi iwiri, ndipo kusainako kunatenga mphindi zosakwana khumi.

Lachisanu ndinabwererako ndi mnzanga wodziwa kusamalira zojambula, titanyamula malona awiri ndi timitengo tokhomera, zimene tinagula ndi ndalama za m'thumba mwathu chifukwa pempho la ndalama za ofesi likanadikira mwezi wina. Bambo aja ndi mnyamata uja anatithandiza kuyala malonawo pamwamba pa timitengo, kusiya mpata woti mpweya uzidutsa. Malata amene anakhomedwa kale tinawasiya, popeza kuwazula tsopano ndi kutsegulira chipale chofewa njira, ndipo pa nsonga za mapiri chayamba kale kuoneka. Mnzanga anamata pepala lopyapyala pa mbali za chithunzi zimene zikanali pa khoma kuti zisapitirire kugwa, ndipo atayang'ana botolo lija anandiuza pambali kuti tizidutswa tambiri ndi tating'ono kwambiri moti sitingabwererenso pamalo pake. Mayi aja sindinawauze zimenezi tsikulo. Ndinalandira botololo, ndinalipatsa nambala m'kaundula monga katundu wa tchalitchicho, ndipo ndinawalembera risiti. Lolemba ndikuyamba kufunsa ku Mizhhiria ndi ku Rakhiv ngati kuli mmisiri amene angang'ambe timatabwa nyengo yozizira ino, kuti pofika Epulo tidzakhale titauma.