Kukaona nyumba zakale za ku St Fagans m'mwezi wa Marichi

St Fagans ndi malo osungirako zinthu zakale omwe ali kumadzulo kwa mzinda wa Cardiff ku Wales. Malowa anatsegulidwa mu 1948, ndipo muli nyumba zoposa 40 zomwe anaziphwasula m'madera osiyanasiyana a dzikolo n'kudzazimanganso pamalo amodzi. Kulowa n'kwaulere, amalipiritsa poimika galimoto. Amatsegula 10 koloko m'mawa n'kutseka 5 koloko madzulo.

Marichi ndi mwezi wabwino chifukwa anthu amakhala asanachuluke, komanso zimene chisanu ndi mvula zachita pa makoma ndi madenga zimaonekera poyera. Koma kumazizirabe ndipo tinjira tina timakhala tamatope. Valani jekete yosalowa madzi ndi nsapato zolimba, ndipo konzekerani kuyenda maola atatu kapena anayi. Maluwa achikasu a daffodil amakhala ataphuka.

Ambiri amathamangira ku Kennixton, nyumba yofiira ya alimi ochita bwino a ku Gower yomwe mbali yake yakale inamangidwa mu 1610. Ndi yokongola ndithu, koma yofunika kuitayira nthawi ndi Nant Wallter, kanyumba ka anthu osauka kochokera ku Carmarthenshire, komangidwa cha m'ma 1770. Makoma ake ndi adothi losakaniza ndi mapesi komanso timiyala. Amene anakulira m'nyumba yamdindo sangachedwe kuizindikira. Ankaunjika dothilo pang'onopang'ono, mzere umodzi uume kaye asanaikepo wina, chifukwa akapupuluma lapansi limaphwathalala ndi kulemera.

Yambani kuyang'ana pansi. Khoma ladothi m'dziko lamvula chonchi limakhala pamaziko amiyala otukuka pang'ono, kuti madzi odontha kuchokera padenga akamathovukira asanyowetse dothi. Kenako onani mmene udzu wapadenga watulukira kupitirira khoma, ndi kutsetsereka kwa dengalo. Denga laudzu limafunika kupendekeka madigiri 45 kapena kuposa, apo ayi madzi amachedwa kutsika ndipo udzu umawola. Pamwamba penipeni ndi pomwe pamayamba kutha, n'chifukwa chake ofolera amakonzanso pamenepo pakapita zaka 10 mpaka 15 ngakhale mbali zina zili bwino. Mbali yosawombedwa dzuwa ndi yomwe imamera ndere, ndipo mu Marichi imakhala itabiriwira.

Kuyera kwa makoma a nyumba zoterezi si penti, ndi laimu. Laimu amalola chinyezi kutuluka m'khoma. Nyumba zambiri zadothi ku Britain zinawonongeka eni ake atazipaka pulasitala wasimenti poganiza kuti akuzilimbitsa. Simenti ikang'aluka madzi amalowa koma satuluka, dothi limafewa mkati mosaoneka, tsiku lina khoma n'kungogwa lonse.

Polowa weramani, zitseko n'zazifupi. Imani kaye mphindi imodzi maso azolowere, chifukwa mawindo ndi aang'ono kwambiri. M'nyumba zina amasonkha moto weniweni, ndiye zovala zimatenga fungo la utsi, ndipo amene ali ndi mphumu asakhalitsemo. Ogwira ntchito amakhala momwemo ndipo amayankha mafunso, m'Chingerezi kapena m'chinenero cha ku Wales.

Nyumba ina, Llainfadyn, ndi yosiyana. Inamangidwa mu 1762 ku Rhostryfan, kumpoto, komwe miyala inali mbwee, choncho makoma ake ndi a zimiyala zikuluzikulu zotola kuphiri. Onani kukula kwa miyala ya m'munsi musanalowe.

Ngati nthawi yatsala, malizirani ku Rhyd-y-car, mdadada wa nyumba 6 za ogwira ntchito yokumba miyala ya chitsulo ku Merthyr Tydfil. Si zakumudzi kwenikweni, koma nyumba iliyonse anaikonza monga inalili m'chaka china: 1805, 1855, 1895, 1925, 1955 ndi 1985. Yambirani kuchiyambi kwa mdadada, osati kumapeto, kuti zaka zitsatane bwino.