Binoculars zopirira mvula ndi fumbi

Poonera mbalame ndi nyama zakutchire, ndimalangiza binoculars za 8x42. Nambala 8 ikutanthauza kuti chinthu chimayandikira ka 8, pomwe 42 ndi kukula kwa magalasi akutsogolo m'mamilimita. Za 10x zimakoka kwambiri, koma dzanja likangonjenjemera chithunzi chimagwedezeka.

Chachikulu n'chakuti zikhale zotsekedwa ndi mphira wonga mphete wotchedwa O-ring komanso zodzazidwa nayitrojeni. Mpweyawu ndi wouma, choncho magalasi sachita nthunzi mkati kukazizira mwadzidzidzi. Chinyontho chikalowa chimabala chuku, ndipo chukucho chimatha kuwononga galasi mosakonzeka.

Fumbi musalipukute ndi malaya, limakanda. Liuzireni kaye, kenako mupukute ndi kansalu kofewa. Zikanyowa, ziumitseni musanaziike m'chikwama. Zikagwa n'kumaonetsa zithunzi ziwiri, ndiye kuti maprizimu (magalasi a mkati owongola chithunzi) asuntha, pamafunika katswiri.