Njinga za m'fumbi: two-stroke ndi four-stroke zimasiyana pati?

Dzulo ndinamasula injini ya Yamaha DT125 ya amalume, mtundu uja alangizi ankayendera m'midzi, ndiye ndati ndilembeko pang'ono poti anthu ambiri amangoti njinga ndi njinga basi. Ayi ndithu.

DT ndi ya two-stroke. Pisitoni ikakwera imapanikiza petulo wosakanikirana ndi mpweya, pulagi n'kuthetheka, phuu, pisitoni n'kutsika, ndipo potsika pomwepo imatsegula timabowo ta m'mbali mwa silinda, uku utsi ukutuluka uku petulo watsopano akulowa. Mulibe mavavu ngati a galimoto. Crankshaft, chitsulo chimene pisitoni imazunguza, ikangozungulira kamodzi moto wayaka kale, nchifukwa chake imalira ngati njuchi komanso imanyamuka mwaukali. Nkhani ili pa oyilo, amapsera limodzi ndi petulo, pa DT pali kapampu ka Autolube kothira oyilo kokha koma pa YZ250 ya mpikisano umasakaniza wekha, ukangoiwala basi pisitoni yagwira, ndalama zapita.

Four-stroke, ngati zambiri za kabazazi, imachita zinayi: kukoka, kupanikiza, kuphulika, kutulutsa utsi, ndiye moto umayaka kamodzi pa kuzungulira kuwiri. Oyilo amakhala payekha pansi. Yamaha itatulutsa YZ400F ya four-stroke mu 1998 mipikisano ya njinga za m'fumbi (motocross) inayamba kutembenukira kumeneku.

Ine mtima wanga uli pa two-stroke, kukonza kwake sikuvuta. Koma fumbi aise! Fyuluta ya siponji ya amalume inali yong'ambika, silinda yonse mizeremizere, mawa ndilawirire kukasaka maring'i a pisitoni.