Mmene ndinatulutsira munthu m'nyumba ya lendi osazula chitseko

Nyumba yanga ya lendi ili kuseri kwa Kamuzu Road kuno ku Salima: zipinda ziwiri, pabalaza, mpopi panja. Ndinaimanga ndi ndalama ya penshoni nditapuma pa uphunzitsi, ndipo K70,000 yomwe inkatuluka mmenemo pamwezi ndi imene ndinkagulira mankhwala a BP ndi feteleza. Bambo amene ankakhalamo ankapikula usipa ku Senga Bay n'kumatumiza ku Lilongwe. Chaka ndi theka sanandivutepo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, geni yawo inagwa nayo, ndipo kuyambira Disembala ndinayamba kudyetsedwa "mawa, Amayi, mawa".

Pofika Epulo, buku langa linkaonetsa miyezi isanu. Mwana wanga wamwamuna anali atabwereka kale hamala. "Amayi, ingondilolani ndikazule chitseko, mawa lomweli muwapeza atasamuka okha." Kuno ndi mmene ambiri amachitira, ena mpaka kusasula malata dzinja lili mkati. Mtima unkafuna, sindibisa. Chinandigwira dzanja n'choti m'nyumbamo munali ana atatu, wamng'ono ali kumsana.

Ndinayamba ndapita kupolisi, poganiza kuti yunifolomu ikawaopseza. Wapolisi anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati ngongole ya lendi si mlandu wa polisi, ndi nkhani yokadandaula kukhoti. Anandichenjezanso kuti ndikazula chitseko, kukhoma loko wanga kapena kulanda katundu wa eni ake, ndi bamboyo amene angabwere kudzandidandaula, ndipo chikasowa chilichonse m'nyumbamo woyankha ndi ine. Ndinatuluka nditagwa mphwayi.

Madzulo ndinaimbira mwana wa achemwali anga amene amagwira ntchito mu ofesi ya maloya ku Lilongwe. Funso lake loyamba linandichititsa manyazi: "Mayi aang'ono, pepala la mgwirizano lilipo?" Panalibe. Tinangogwirana chanza pakhonde. Iye anati zimenezo sizithetsa nkhani, pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, koma kukhoti ndidzafunika kuonetsa kuti lendi inali zingati, inkalipidwa liti, ndipo inalekera pati. Apa anandipulumutsa mauthenga a Airtel Money omwe sindinkafufuta, ndi hadikava yomwe ndinkalembamo tsiku lililonse ndalama ikalowa. Chizolowezi cha rejisitala ya kusukulu sichichoka.

Kenako notisi. Munthu wolipira pamwezi amapatsidwa mwezi wathunthu, ndipo mwana wa achemwali uja anandiuza kuti tsiku lotuluka ndiliike pothera mwezi wa lendi, osati pakati. Ndinalemba pamanja, m'Chichewa: tsiku, dzina lawo, pamene nyumba ili, miyezi imene sanalipire umodziumodzi, ndalama yonse pamodzi, ndi kuti pofika pa 31 Meyi akhale atatuluka ndi kubweza makiyi. Sindinaikemo mawu aukali ngakhale amodzi, chifukwa kalatayo tsiku lina idzawerengedwa pamaso pa majisitileti. Ndinajambulitsa makope atatu n'kupita ndi nduna ya a Nyakwawa ngati mboni. Bamboyo anawerenga, nakana kusaina. Ndunayo inalemba pa kope langa kuti kalata yaperekedwa pamanja tsiku lakuti, mwini wake wakana kusaina, n'kusainira yokha. Kapepala kameneko kanadzagwira ntchito kuposa mmene ndinkaganizira.

Pali msampha wina umene ndikanagweramo. Pakati pa Meyi ananditumizira K30,000. Ndinasangalala, koma mwana wa achemwali anati ndisamale: ukalandira ndalama mwakachetechete notisi itaperekedwa, mnzako akhoza kudzanena kuti munagwirizananso kuti apitirize kukhala. Choncho ndinalemba lisiti yonena poyera kuti ndalamayo ndi yochepetsa ngongole ya Disembala, si lendi yatsopano, ndipo notisi ikadali pomwepo.

Madzi sindinadule. Bilu ya Central Region Water Board inali m'dzina langa, ndinkalipira ndikukukuta mano, malisiti n'kumasunga. Magetsi sanandivute chifukwa mita ndi ya mayunitsi, ankagula okha.

Tinakhalapo pansi kwa a Nyakwawa kamodzi. Bamboyo analonjeza kuti mwezi ukatha atuluka. Juni anakwana anthu ali momwemo, zovala zili pachingwe.

Kukhoti la majisitileti ndinalawirira, chikwatu cha mapepala chili m'manja. Kalaliki anandifunsa chimene ndikupempha, ndipo apa ndi pofunika kunena zonse ziwiri: ndalama zanga, komanso kuti nyumba ibwerere m'manja mwanga. Ukangotchula ngongole yokha, ukhoza kupambana mlandu munthu n'kukhalabe m'nyumba. Ndinalipira ndalama yotsegulira mlandu, anandipatsa lisiti ya boma, samani inalembedwa yokhala ndi tsiku. Samaniyo iyenera kumufika munthuyo ndipo pakhale umboni woti yamufika. Popanda zimenezo mlandu suyenda. Tsiku loyamba bamboyo sanabwere, anatumiza uthenga woti ali kumaliro ku Chipoka, ndiye tinapatsidwa tsiku lina.

Tsiku lachiwiri anabwera atavala jekete. Majisitileti anayamba wafunsa ngati pali mkangano pa mwini nyumba, poti nkhani ya umwini wa malo imayenda njira ina. Bamboyo anati ayi, nyumba ndi ya amayiwa. Atafunsidwa za notisi anayesa kunena kuti sakuikumbuka, koma nduna ija inali pabenchi kumbuyo kwanga, ndipo kope losainidwa lija linaperekedwa. Nkhani imeneyo inathera pomwepo.

Pa ndalama ndi pamene ndinachita manyazi ine. Bamboyo anavomera ngongole, koma anati mwezi wa Febuluwale analipira, ndalama anapatsira mwana wanga pamanja. Ndinatsutsa ndi mphamvu, buku lili m'manja. Iwo anatulutsa foni n'kuonetsa uthenga wochokera ku nambala ya mwana wanga: "Ndalandira, ndiwapatsa amayi." Mwana yemwe uja wa hamala. M'khoti munangoti zii, ine thukuta kamukamu. Ndinapepesa kwa majisitileti ndi kwa bamboyo, ndipo K70,000 inachotsedwa pa ngongole. Tangoganizani ndikanazula chitseko pa ndalama imene inadyedwa m'nyumba mwanga momwe. Za mmene ndinayankhulira ndi mwanayo madzulo ake, zimenezo n'za kubanja.

Chigamulo chinati alipire zotsalazo pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, kuphatikiza lendi ya miyezi imene anakhala notisi itatha ndi mabilu a madzi, ndipo atuluke pofika kumapeto kwa Julayi. Ndinapempha kope la chigamulocho lokhala ndi chidindo.

Ambiri amaganiza kuti ukapambana kukhoti ndiye kuti wapatsidwa chilolezo chokataya katundu panja. Ayi. Julayi atatha iwo asanatuluke, ndinabwereranso kwa kalaliki kukapempha chikalata chopatsa mphamvu masherifu, chifukwa otulutsa munthu mokakamiza ndi iwowo, osati mwini nyumba ndi anyamata ake. Pamenepo palinso ndalama yolipira, ndipo lisiti yake ndinaisunga pamodzi ndi zinazo. Anthu a mtima wapachala amathera apa, amati talipira kale zambiri. Koma ndikawerengera zonse zimene ndinawononga kukhoti, kabaza ndi mafotokope, sizinafike pa mtengo wa wailesi ya kanema imodzi imene bamboyo akanati yasowa chitseko chitazulidwa.

Masherifu sanafike n'komwe pakhomo. Bamboyo atamva kuti chikalata chatuluka, anapeza ngolo ya ng'ombe n'kusamuka m'bandakucha, mwera ukuwomba. M'mawa mayi wa m'nyumbamo anabwera ndi makiyi atawamanga pansonga ya chitenje. Anagwada n'kunena kuti, "Amayi, zikomo simunatichititse manyazi pamaso pa ana." Ndinasowa choyankha. Ndinawapatsa mpando, tinamwa tiyi.

Tsiku lomwelo ndinaitana nduna ija kuti tiyendere nyumba tonse, mayiwo alipo. Tinalemba galasi limodzi losweka ndi loko wa kuchipinda wothyoka, tinawerenga mita ya madzi, tonse atatu n'kusaina.

Amene akukhalamo pano ndi namwino. Tisanapatsane makiyi tinalemba mgwirizano wa masamba awiri: lendi ndi tsiku lolipira, dipoziti ya mwezi umodzi ndi zimene ingadulidwire, wolipira madzi, notisi ya mwezi mbali zonse ziwiri, ndi mzere umodzi umene ndinaulemba ndi zilembo zikuluzikulu, woti ndalama izipita pa nambala yanga yokha basi. Bambo a usipa aja amatumizabe, mwezi wina K20,000, mwezi wina osatumiza. Pa hadikava patsala K60,000.