Mmene Quelimane ndi Beira akulimbanira ndi madzi

Kuchokera kuno ku Zomba ndinadzera pa chipata cha Muloza, kenako Milange ndi Mocuba, mpaka ku Quelimane, mzinda wa ku Mozambique. Kufupi ndi mzinda umenewu ndi kumene namondwe Freddy anatsikira kumtunda mu Malichi 2023, asanabwere kudzatilirisa kuno kummwera.

Quelimane ndi wathyathyathya, ndipo makabaza ndi ochuluka kuposa kwathu. Wakabaza wina ananditengera ku Icídua, m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, kumene anthu akhala akubzalanso mitengo ya mangrove. Imamera m'matope a madzi amchere, mizu yake itatuluka pamtunda ngati zala. Mizuyo imagwira dothi n'kufooketsa mafunde asanafike m'makomo. Vuto lake ndi lomwe tikulidziwa paphiri lathu la Zomba: mtengo womwewo ndi makala, ndi milimo ya nyumba, ndi chakudya cha ana lero. Sindingamuweruze mayi wodula mtengo ana ali ndi njala, koma zitsa zimene ndinaona kumeneko zinandipweteka mtima.

Ku Beira, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Caia, anasankha njira yofuna ndalama zambiri. Mtsinje wa Chiveve, wodutsa pakati pa mzinda, unali utatsekeka ndi matope komanso zinyalala. Mothandizidwa ndi dziko la Germany, anaukumba n'kuika chitseko pamene umathira m'nyanja. Nyanja ikaphwa amatsegula kuti madzi a mvula atuluke, ikadzaza kwambiri amatseka. M'mbali mwake anasiya malo a udzu ndi mitengo, moti mtsinje ukasefukira umadzaza paki osati nyumba za anthu. Madzulo ndinapeza mabanja atakhala pamenepo, ana akupalasa njinga.

Kwa ine, nzeru ya ku Beira siili pachitsekocho ayi, koma pa malo amene anausiyira mtsinje. Zimenezi sizifuna nyanja. Mtsinje wathu wa Likangala kuno ku Zomba ndi wothina ndi nyumba ndi minda mpaka m'mphepete penipeni, ndipo ngalande zambiri zimadzaza majumbo mvula isanagwe.

Komabe Beira sanapulumuke. Namondwe Idai atawomba mu Malichi 2019, ngalande za mumzindawo zinathandiza, koma mphepo inasasula madenga mumzinda wonse. Ku Praia Nova, kumene kumakhala asodzi, nyanja ikupitirirabe kudya gombe, ndipo anthu amabwerera komweko chifukwa nsomba zili komweko.