Subdomain kapena folda: zomwe ndaphunzira mwezi uno

Pa kosi ya madzulo yomwe ndikuchita kuno ku Johannesburg tafika pa mutu wa ma domain, mayina a mawebusaiti, ndipo funso limodzi latidyera nthawi kuposa ena onse. Google ikaona nkhani.dzinalanu.co.za, kodi imati imeneyi ndi webusaiti yomweyo ya dzinalanu.co.za, kapena imati ndi ina? Ndaganiza zolemba zomwe ndamvetsa chifukwa Amalawi ambiri kuno ku Joni ayamba kutsegula mawebusaiti a ntchito zawo, atelala, ometa, onyamula katundu kupita kumudzi, ndipo anthu amene amawakonzera amawauza zosiyanasiyana. Wina akuti subdomain imakukweza, wina akuti imakukwirira.

Aphunzitsi athu anayamba ndi kutiuza kuti adiresi ya pa intaneti tiziiwerenga kuchokera kumapeto. Mu nkhani.dzinalanu.co.za, za ndi dziko la South Africa, monga mw alili wa Malawi. Gawo la co.za si lanu, ndi la aliyense wochita malonda kuno. Chanu ndi dzinalanu, lomwe mumagula n'kumalipira chaka ndi chaka. Chilichonse chomwe mwaika kumanzere kwa dzinalo, n'kudula ndi kadontho, ndiye subdomain, ndipo mutha kupanga zochuluka mmene mungafunire osagulanso dzina lina. Ngakhale www amene tinamuzolowera uja ndi subdomain. Koma mukalemba dzinalanu.co.za/nkhani, imeneyo ndi folda chabe mkati mwa webusaiti yomweyo.

Ife okhala ku Rosettenville ndi ku Turffontein nkhaniyi siitivuta kumva, chifukwa ambiri tinayambira m'zipinda zakuseri kwa nyumba za eni. Geti ndi limodzi, nambala ya pa mpanda ndi imodzi, wobweretsa makalata amati ponsepa ndi pakhomo pamodzi. Koma chipinda chakuseri chili ndi chitseko chake, kiyi wake, mwinanso mita yake ya magetsi. Subdomain ili choncho. Pa zinthu zina Google imayang'ana geti, pa zina imayang'ana chitseko, ndipo mkangano wonse umabwera chifukwa aliyense amagwira mbali imodzi n'kumati ndiyo nkhani yonse.

Mbali ya chitseko ndi ya zaumisiri. Pulogalamu ya Google yomwe imayendera masamba, Googlebot, ikafika pa subdomain imayamba yafufuza fayilo ya robots.txt ya pomwepo. Fayilo imeneyi ndi yomwe imauza mapulogalamu oterewa malo oti alowe ndi malo oti asalowe, ndipo ya pa dzinalanu.co.za siigwira ntchito pa nkhani.dzinalanu.co.za. Iliyonse imafuna yakeyake. Subdomain itha kukhalanso pa seva ina, kompyuta yosunga webusaiti, kudziko lina kumene, choncho Google imayenera kuphunzira payokha kuti sevayo ingapirire kuyenderedwa mofulumira bwanji. Satifiketi ya chitetezo, yomwe imapangitsa adiresi kuyamba ndi https, nayo iyenera kutchula subdomain imeneyo kapena ikhale ya mtundu wophimba onse nthawi imodzi. Mu 2017 John Mueller wa ku Google anafotokoza pa vidiyo kuti Google ilibe vuto ndi njira zonse ziwiri, subdomain kapena folda, koma ananenanso kuti ma subdomain amafunika kuwalembetsa paokha mu Search Console, chida cha Google choonetsa mwini webusaiti mmene ikuonekera pa zotsatira, ndipo Google imaphunzira kuwayendera padera. Mu 2019 Google inabweretsa njira yolembetsera domain yonse kamodzi, pomwe mumaika kachizindikiro ka mawu kotchedwa TXT mu DNS ya dzina lanu, kaundula wouza intaneti komwe dzinalo likuloza, ndiye mumaona malipoti a ma subdomain onse pamodzi. Ineyo ndikuona kuti aliyense amene ali ndi dzina lakelake ayenera kulembetsa mwa njira imeneyi, ngakhale alibe subdomain ina kupatula www.

Mbali ya geti imaonekera pa zotsatira zomwe munthu wofufuza amaona. Mu June 2019 Google inalengeza kuti nthawi zambiri siidzaonetsanso masamba oposa awiri a webusaiti imodzi pa zotsatira zapamwamba, ndipo inanena kuti powerengera zimenezi ma subdomain amatengedwa ngati mbali ya domain yaikulu, kupatula pomwe makina awo aona kuti n'koyenera kuwasiyanitsa. Apa pakugwa chiyembekezo cha anthu ambiri. Munthu amaganiza kuti akatsegula ma subdomain asanu adzadzaza tsamba loyamba la Google yekha, opikisana naye n'kusowa pokhala. Sizitheka choncho.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya malinki. Njira ya PageRank, yomwe Larry Page ndi Sergey Brin anayambira nayo ali ku Stanford Google isanakhazikitsidwe mu 1998, imawerengera tsamba ndi tsamba. Tsamba likalozedwa ndi masamba ena odalirika limalemera, nalonso limagawira masamba omwe likuwaloza. Linki siifunsa ngati pakati pali kadontho kapena kamzere kopendekeka. Ndiye subdomain yomwe ili pa menyu ya webusaiti yaikulu, yolozedwa kuchokera tsamba loyamba, nayo n'kumaloza kubwerera, imalandira gawo lake. Yomwe inangotsegulidwa n'kusiyidwa popanda linki iliyonse imayamba ngati mlendo amene palibe akumudziwa. Nambala ija yotchedwa Domain Authority, yomwe ogulitsa ntchito za SEO, zokweza webusaiti pa Google, amakonda kuonetsa makasitomala, ndi ya kampani ya Moz, si ya Google. Ithandiza poyerekeza, koma munthu asakuopsezeni nayo.

Mnzathu wina m'kalasi anatsutsa. Anati iye wawerenga za mawebusaiti ambiri omwe anasamutsa nkhani zawo kuchoka pa subdomain kupita mu folda, alendo n'kuchuluka. Nkhani zoterezi zilipodi, ndipo sindikuzikana. Koma taganizani zomwe zimachitika munthu akamasamutsa. Amakonza menyu, amalumikiza masamba omwe kale anali patalipatali, amataya masamba akale opanda ntchito, nthawi zina amasintha ndi seva yomwe. Zonsezi zimachitika sabata imodzi, ndiye ulemu wonse umapita kwa folda. Ine ndikukhulupirira kuti chomwe chimakweza ndi kulumikizako ndi kusamalako. Folda imangopangitsa kuti zimenezi zikhale zosavuta, ndipo kwa munthu wogwira yekha, kusavuta kumeneko si chinthu chochepa.

Zonsezi ndinaziona ndi maso pa webusaiti ya amalume anga, omwe amanyamula katundu kuchoka kuno kupita ku Malawi. Pabwalo pawo Lachinayi madzulo pamakhala posapondeka. Mafiriji okulungidwa m'mabulangeti, matiresi omangidwa ndi chingwe, makatoni ozengedwa ndi tepi mpaka osaoneka mtundu, lililonse lolembedwa ndi maka dzina la wolandira, nambala ya foni ndi boma lomwe likupita. Mnyamata wina anawakonzera webusaiti, ndipo anawatsegulira ma subdomain atatu, ya Blantyre, ya Lilongwe ndi ya Mzuzu. Nditatsegula pa foni ndinapeza kuti mawu ndi amodzimodzi monsemo, chithunzi cha lole n'chimodzi, changosintha ndi dzina la mzinda. Pa tsamba loyamba panalibe linki yopita ku iliyonse mwa zitatuzi.

Ndinawafunsa kuti, "Amalume, kodi katundu wa ku Blantyre ndi wa ku Lilongwe amadzera njira imodzi?"

Iwo anaika maka pansi. "Iwe mphwanga, mpaka ku Tete inde. Beitbridge, Nyamapanda, Tete. Kuchoka apo wa Blantyre timalowera ku Mwanza, wa Lilongwe timalowera ku Dedza. Wa ku Mzuzu ndiye amatsika kaye ku Lilongwe."

Anapitiriza osafunsidwa. Anafotokoza masiku omwe lole imanyamuka, mmene amawerengera mtengo wa firiji kusiyana ndi wa katoni, chifukwa chomwe amauzira anthu kuti asunge malisiti a zinthu zatsopano pokonzekera msonkho wa pa chipata, ndi komwe wolandira amakadikira. Zonsezi ndi zomwe mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg amafuna kudziwa asanapereke katundu wa ana ake kwa munthu. Pa webusaiti panalibe ngakhale chimodzi. Zinandiwawa, chifukwa amalume analipira ndalama zomwe anazikhetsera thukuta, ndipo nzeru zawo zonse za msewu zinatsala pabwalo paja.

Masamba ofanana omwe amangosintha dzina la mzinda Google imawatchula m'malamulo ake oletsa spam, zachinyengo zofuna kukwera pa zotsatira, ndipo zilibe kanthu kaya ali pa subdomain, mu folda kapena pa ma domain osiyana. Mbiri ikuonetsa kuti anthu akhala akuyesa kubisala kuseri kwa kadontho kameneka kuyambira kale. Mu 2011, Google itasintha kawerengedwe kake ndi njira yotchedwa Panda, yomwe inatsitsa mawebusaiti odzaza ndi nkhani zopanda pake, webusaiti ya olemba ambiri yotchedwa HubPages inagawa olemba ake aliyense pa subdomain yake pofuna kuti olemba bwino asamire pamodzi ndi olemba mwachisawawa. Pambuyo pake kunabuka mchitidwe wotembenuza zimenezi. Mawebusaiti otchuka, ena a nyuzipepala, ankabwereketsa subdomain kapena folda kwa anthu akunja otsatsa makuponi ndi zina, kuti zikwere msanga potsamira dzina la mwini. Mu March 2024 Google inalengeza lamulo loletsa mchitidwewu, ndipo linayamba kugwira ntchito mu May chaka chomwecho. Google inanenanso kuti makina ake atha kuona gawo la webusaiti lomwe lasiyana kwambiri ndi zina zonse n'kuliweruza palokha. Apa ndipomwe ndinamvetsa kuti imayang'ana zomwe zalembedwa ndi amene akuziyang'anira, osati maonekedwe a adiresi okha.

Sindikunena kuti subdomain ndi yoipa. Wikipedia imagwiritsa ntchito ma subdomain pa zinenero, ndipo yathu ya Chichewa ili pa ny.wikipedia.org, ya Chitumbuka pa tum.wikipedia.org. Pamenepo n'zomveka, chifukwa chinenero chilichonse chili ndi olemba ake ndi oyang'anira ake, ndipo nkhani zake si zomasulira chabe za Chingerezi. N'zomvekanso ngati sitolo yanu ya pa intaneti ikuyendetsedwa ndi kampani ina pa seva yawo. Mumangoloza shop.dzinalanu.co.za kumeneko kudzera mu DNS, ntchito yatha. Koma bizinesi ya munthu mmodzi, ya masamba khumi, yoyang'aniridwa pa foni usiku ataweruka, kuigawa patatu n'kudzichulukitsira ntchito popanda phindu. Ngakhale pa zinenero, amalume akafuna masamba a Chichewa ndi a Chingerezi, folda ya /ny/ ikwanira, n'kuika zizindikiro za hreflang zouza Google kuti tsamba ili ndi lija ndi amodzi m'zinenero ziwiri.

Pali mtundu wina wa subdomain womwe m'kalasi tinangoudutsa, koma kwa ife kuno ndi womwe ukukhudza anthu ambiri. Ndi uja waulere, monga dzinalanu.wordpress.com kapena dzinalanu.github.io. Poyambira ndi wabwino, ndipo wophunzira ngati ine sangaunyoze. Koma dzina lenilenilo ndi la eni ake a nsanjayo. Malinki onse omwe makasitomala, mpingo kapena gulu la kumudzi kwanu akupatsani akuloza adiresi yomwe si yanu, ndipo tsiku lomwe mudzafune kusamuka mudzadalira ngati eni akewo akulolani kulozera alendo ku adiresi yatsopano. Kutchuka kwa domain yaikuluyo nakonso sikukutsikirani, chifukwa Google imadziwa kuti pa nsanja zotere subdomain iliyonse ndi ya munthu wina. Telala amene akufuna kuti dzina lake lidzakhalepo zaka zikubwerazi agule lakelake, ndipo aonetsetse kuti lalembetsedwa m'dzina lake, osati la amene akumukonzera webusaiti. Nkhani ya dzina lolembetsedwa kwa wokonza ndiyo imaliza anthu ubale ukasokonekera.

Za amalume tinagwirizana chonchi. Ma subdomain atatu aja tikuwatseka, ndipo aliyense tikumulozera ndi redirect ya 301 ku tsamba lake latsopano, /blantyre, /lilongwe ndi /mzuzu, kuti amene anasunga adiresi yakale pa WhatsApp asasochere komanso Google idziwe kuti kusamukaku n'kwachikhalire. Masamba atatuwa aikidwa pa menyu, ndipo domain yonse yalembetsedwa mu Search Console kuti tizitha kuona ngati Google yawapeza. Tsamba la Blantyre ndalemba kale kuchokera pa zomwe anandiuza pabwalo paja, njira ya ku Mwanza, masiku onyamuka ndi nkhani ya malisiti. La Mzuzu likudikira, chifukwa amalume ati ayambe akambirana ndi mnzawo amene amalandira katunduyo ku Lilongwe, kuti tsiku lofika lomwe tilembe likhale lomwe angalikwanitse.